Mmene Ndinaonetsera Amayi Mkamwini Wawo

"Ngati khitchini yanga ikukununkha, kadye kwa azungu akowo," anatero amayi, osatembenuka n'komwe.

Apo n'kuti ndangowauza chilungamo, chakuti m'khitchini mwawo mbuzi itasochera ingapezeke chaka chamawa ili ndi ana. Miphika pansi, malichero pansi, mbale pansi, munthu kulowamo ngati ukuoloka mtsinje pamiyala. Ndikanatseka pakamwa tsiku limenelo, bwenzi lero ndikuvala kabudula wa antchito a kunjanji. Koma ine ndi pakamwa panga sitinagwirizanepo.

Chinali chaka chimene ndinasiya sukulu ya mishoni (ansanje amati anandithamangitsa, koma zoona n'zakuti aphunzitsi zondiphunzitsa zinawathera). Alamu anga a Wilisoni, amuna awo a achemwali, ankagwira ntchito pa siteshoni ya sitima ku Salima, ndipo anali atalonjeza kukandipereka kwa kapitawo wa akalipentala.

"Koma uyambe waonetsa kuti manja akowo si odyera okha," anandiuza.

Ndinati chabwino, aona. Kunyumba kwa abusa ndinali nditaonako shelefu, matabwa okhomera kukhoma, zinthu zili ndondondo ngati asilikali a Mfumu Joji. Ndinaganiza zowakhomera amayi yotero, alamu aone okha luso.

Alamuwa muwadziwe kaye. Anali mkamwini waulemu woopsa. Chikwatirireni, iwo ndi amayi anali asanayang'anizanepo maso. Akakumana panjira, amayi ankapatukira kutchire la uku, alamu kutchire la uko, n'kumapatsana moni mokuwa ngati anthu a m'mabwato awiri. Komanso kunyanja sankasambako, ati kumeneko n'kwa asodzi ndi ng'ona. Anadzimangira bafa la udzu kuseri kwa khitchini, khoma la khitchiniyo n'kukhala mbali imodzi ya bafalo.

Ndinakatenga mnzanga Jafali, mwana wa msodzi wa ku Senga, chifukwa bambo ake anali ndi nyundo ndi sowo. Matabwa tinapeza pophwasula mabokosi a sopo a kusitolo ya mwenye, titamusenzera katundu mpaka makosi kulowa m'mapewa. Tinadikira tsiku limene amayi ndi achemwali anapita kudambo kukamweta mpunga.

Jafali anagogoda khoma lija ndi chala.

"Iwe, khomali likulira ngati ng'oma. Chiswe chinadya mitengo yam'katimu."

"Chiswe chimadya mitengo. Ife tikhoma m'dothi. Wamvapo chiswe chikudya dothi?"

"Walahi, sukulu inakupweteka," anatero, koma nyundo anandipatsa.

Tinakhoma zikhomo, n'kusanja thabwa loyamba. Linagwira. Ndinaikapo mbale zachitsulo, lili chete. Pamenepo mtima unakula. Tinakhoma lachiwiri, tinakhoma lachitatu, lachinayi ndinakhoma nditakwera pamsana pa Jafali. Miphika inakwera. Nkhali inakwera. Debe la mpunga linakwera. Pansi panayera moti ukanatha kuvinapo chimtali cha mudzi wonse.

Panatsala mphero yokha, chimwala chija amaperera mapira.

"Imeneyo isiye pansi," anatero Jafali.

"Ndiye tavutikiranji? Gwira uko."

Tinaikweza pamwamba penipeni. Khoma linalira pang'ono, ngati nkhalamba ikudzuka pamphasa. Ine ndinati likuzolowera.

Dzuwa litapendeka alamu anabwera pa njinga, n'kulowa m'bafa mwawo ndi ndowa. Tinkawamva kuseri akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu a besi. Nthawi yomweyo amayi anatulukira, mtolo wa mpunga pamutu. Anautula, anaima pakhomo, anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine.

"Mthiko wanga uli kuti?"

"Uwu, amayi. Malo ake ndi awa, taonani."

Ndinatenga mthiko uja, kamtengo kopepuka koti khanda n'kuseweretsa, n'kuukoleka pa chikhomo. (Mpaka lero ndimati wolakwa ndi mthikowo. Mphero inali itakhala bwinobwino.)

Khoma lonse linabwera. Silinagwe mwachangu ayi, linayamba lawerama ngati likupereka moni, kenako linadzigwetsa m'khitchini ndi chiphokoso chomwe ena anachimva ku Chipoka n'kumati sitima yagunda ng'ombe. Mbale zinathamanga kutuluka pakhomo. Nkhuku za mudzi wonse zinabwera kumaliro a mpunga.

Fumbi litatsika, pomwe panali khoma panali alamu. Sopo kumutu, chikho m'manja. Chovala chawo chinali chikhocho basi.

Amayi ali apa, mkamwini ali apo, pakati palibe ngakhale udzu umodzi. Anthu amene ankathawana kutchire.

Ulemu ndi matenda, ndikukuuzani. Alamu, m'malo mothawa, anagwada pang'ono.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Amayi anatola lichero n'kudziphimba kumaso.

"Taswera, bambo. Kaya kuntchito."

"Kuntchito n'kwabwino."

Jafali, mwana wochenjera, anakhuthula chiguduli cha chinangwa n'kuwaponyera alamu. Ine sindinaponye kanthu. Ndinaseka. Ndinayesa kudzigwira, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa mpunga, ndipo pamene alamu ankathawa atavala chiguduli cholembedwa dzina la kampani ya thonje kumbuyo, ndinachita kugubuduka. Achemwali, atangofika kuchokera kudambo, ndi amene anandiletsa, ndi chipande, pamutu.

Mawa lake amayi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ang'ono awo ku Chipoka akudwala, ndipo anakakhala komweko mpaka mwezi unatha. Alamu anayamba kuchoka tambala asanalire. Ine ndinadula mitengo, ndinaponda dothi, ndinamata khoma ndekha, ana a m'mudzi atandizungulira n'kumapatsana moni wa "kaya kuntchito". Nditamaliza ndinalimba mtima kukafunsa za kapitawo uja.

"Alamu, nkhani ija ya ntchito..."

"Malo anali amodzi," anatero akupopa njinga, osandiyang'ana. "Ndapereka mnyamata wodziwa chochita khoma likagwa."

Jafali ameneyo. Munthu amene ndinamuphunzitsa ukalipentala ndine, nditamukwera pamsana. Anamutenga, kenako iye ndi alamu anawasamutsira ku Balaka, achemwali n'kutsatira. Amayi amati alamu anachita kupempha okha kusamukako.

Anthu amandifunsa ngati ndinatolapo phunziro. Ndinatolapo. Mphero siyenera kukhala pamwamba, malo ake ndi thabwa lachiwiri.

Mwezi wathawu ndinagula sitampa, n'kumulembera Jafali kuti asaiwale amene anamutsegulira njira, andinenerere kwa kapitawo, ndipo sitima yotsatira ndikwera. Yankho lake ndi ili:

"Mnzanga, kalata yako ndalandira. Kapitawo ndinamuuza za iwe, koma anati akukudziwa kale, nkhani yako inafika kuno ife tisanafike. Akuti zokhoma ayi, koma akadzafuna kugumula nyumba adzakuitana. Pakali pano usabwere. Dzulo ndinangotchula dzina lako tili pantchito, alamu ako anataya nyundo n'kugwira lamba wa buluku ndi manja awiri."