Nkhani Imene Ndinalembera Mdani Wanga

Zamanyazi zimene ndinachita pa Khirisimasi yapitayi ndizinena ndekha, chifukwa ndikasiyira anthu a m'mudzi muno azithira mchere wambiri. Ayamba kale kunena kuti ndinalira. Sindinalire. M'kalasi muja munali fumbi.

Ine ndine Phiri, mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Ndakhala kuno zaka makumi anayi ndi zinayi. Ndamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndabereka ana asanu ndi mmodzi, koma mpaka lero pakabuka nkhani ya minda amati, "A Phiri, inu pumulani, izi n'za eni mudzi." Zimenezo tizisiye. Zotere ndili nazo zambiri, koma lero ndi za belu.

Belu la patchalitchi pathu ndi limu ya tayala la lole, chitsulo chakale chopachikidwa pamtengo. Ndinaliimba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mvula kapena dzuwa. Tsiku lina pamsonkhano wa akulu ampingo ndinaimirira n'kunena kuti, "Ine ndakalamba, sankhani wina." Munthu aliyense woleredwa bwino amadziwa mmene zimenezi zimayendera. Umakana, iwo akupempha. Ukananso, akupemphanso. Kachitatu uvomera. Koma abusa athu atsopano anakulira ku Lusaka. Anangoti, "Zikomo a Phiri chifukwa cha utumiki wanu. Ndani angatenge?" Mlamu wanga Banda, mlongo wake wa mkazi wanga, anakweza dzanja ine ndisanakhale n'komwe pansi.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Amaliimba ngati munthu wokhoma zidebe.

Lachitatu lililonse masana timasonkhana pasukulu kumvera sewero la pa wailesi. M'seweromo muli mkulu wina, a Kamphonje, amene aliyense amawalakwira: ana awo, mkazi wawo, anansi awo, ngakhale mbuzi. Ndi munthu yekhayo wanzeru m'sewero lonselo. Chimene anzanga ankasekera a Kamphonje akamalankhula sindinkachimvetsa. Sindinkamvetsanso chimene ankayang'anira ine akamaseka.

Mwezi wa Novembala, Madamu Zulu, aphunzitsi amene amatibweretsera wailesiyo, anabwera ndi nzeru yatsopano.

"Chaka chino tisapatsane sopo ndi shuga," anatero. "Tipatsane nkhani. Aliyense alembe papepala nkhani imene akufuna kuti wina amulembere, yokhudza anthu a m'sewero lathuli. Mulembe zimene mukufuna, mulembenso zimene simukufuna. Ine ndikazitaipa ku Katete, popanda maina, kuti pasakhale wozindikira kalembedwe ka mnzake. Kenako titola m'chipewa. Pa Khirisimasi wolemba adzawerenga, mwini pepala adzaimirira n'kulandira mphatso yake. Ana anga amachita zimenezi pa intaneti. Amati fani fikishoni."

"Madamu," ndinatero, "kuno timati bodza."

"Mulowa kapena ayi, a Phiri?"

Ndinalowa. Sukulu ndinalekera Sitandade Wani chifukwa cha ng'ombe za amalume, koma dandaulo ndimatha kulemba. Pa ndikufuna ndinalemba kuti: A Kamphonje abwezeredwe belu. Pa sindikufuna ndinalemba kuti: Mlamu.

Madamu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"A Phiri, m'sewero muja mulibe belu."

"N'chifukwa chake ndapempha. Likanakhalamo ndikanapempha chiyani?"

Mkazi wanga Nabanda nayenso amabwera kudzamvera, amakhala kumbuyo ndi amayi anzake. Ndinaona akupereka kapepala kawo. Sindinafunse. Ndinadziwa kuti n'zachikondi, monga amayi onse.

Lachitatu lotsatira chipewa chinazungulira. Ndinatola pepala langa, ndinavala magalasi, ndinawerenga.

NDIKUFUNA: Nkhani ya a Kamphonje. Apepese, ngakhale kamodzi kokha, asanafe.
SINDIKUFUNA: Za belu. Za belu ndatopa nazo.

Sindinavutike kuganiza. M'mudzi monse muno, ndani angatope ndi nkhani ya belu? Wakuba yekha ndi amene amatopa ndi nkhani ya mbuzi yosowa. Ndinatembenuka n'kuyang'ana Banda. Iye anandimwetulira. Umboni wina unali womwewo.

Madamu anali atanena kuti pepala ndi chinsinsi. Koma chinsinsi sichikhudza mkazi wako. Nditafika kunyumba ndinapeza Nabanda ali pakhonde, akusenda mtedza wa mbewu.

"Amake Misozi, tamverani munthu wopanda mutu." Ndinawawerengera.

"Mwina ali ndi chifukwa," anatero.

"Chifukwa chake n'chimodzi. Ndi mlongo wanu."

"Mwatsimikiza kuti ndi iye?"

"Ndani wina angatope ndi nkhani ya belu?"

Anaswa mtedza wina, n'kuponya makoko pansi.

"Zoona," anatero. "Ndani wina."

Ndinagula kope ndi mapensulo awiri. Milungu itatu ndinalemba. Anthu akupalira chimanga, ine ndili pansi pa mango, lilime panja, ndikumenyana ndi zilembo. Nabanda ankapalira okha. Ndinawafotokozera kuti ntchito ya mutu ndi yolemera kuposa ya khasu, iwo sanatsutse.

M'nkhani yanga a Kamphonje anali ndi belu lalikulu, lomveka mpaka ku Sinda. Anali ndi mlamu wa miyendo ya mateya ndi dazi, amene anaba belulo. Banda ali ndi miyendo ya mateya ndi dazi, koma zimenezo zinangochitika. Tsiku lililonse ndikamaliza tsamba ndinkawawerengera Nabanda akabwera kumunda.

"Pepala lija linati chiyani za belu?" anafunsa tsiku lina akutsuka mapazi.

"Linati sakufuna."

"Ndiye mwaikamo?"

"Tsamba lililonse. Mankhwala safunsa ngati ukuwafuna."

"Nanga kupepesa kuja?"

"Apepese chiyani? Alakwa chiyani? Munthu amapepesa akalakwa."

"Oho."

Mlungu wachitatu ndinafika pamapeto, ndipo mapeto ake ndi amene ndinanyadira kwambiri. Mudzi wonse wasonkhana kuti a Kamphonje apepese. Pamenepo mkazi wawo akuimirira, misozi ili mbwembwembwe, akuti: "Anthu inu, musiyeni mwamuna wanga. Ndakhala naye zaka makumi anayi ndi zinayi, sanandilakwirepo ngakhale tsiku limodzi. Akamafotokoza za belu, mtima wanga umakoma ngati ndikumva koyamba."

Nditawerenga, Nabanda anaima chilili ndi ndowa m'manja.

"Bwerezani pamenepo."

Ndinabwereza.

"Mukawerenga zimenezi pagulu?"

"Mokweza."

Analowa m'nyumba ndi ndowa yawo. Ndinadziwa kuti zawakhudza.

Pa Khirisimasi, titatuluka m'tchalitchi, tinalowa m'kalasi ya Madamu Zulu. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo, chifukwa nkhani inali itamveka. Abusa a ku Lusaka aja anabweranso, anakhala kutsogolo pa desiki ya ana, maondo ali kukhosi.

Nkhani zoyamba zinali zimene ndinkayembekezera. Wina anakwatitsa namwino wa m'sewero kwa woyendetsa minibasi. Wina anadzutsa munthu wa m'seweromo amene anafa chaka chatha, chifukwa Mai Daka anapempha kuti sanakhutire ndi imfa yake. Anthu ankaomba m'manja, mwini pepala n'kuimirira, n'kulandira ndi manja awiri. Ine sindinaone n'komwe amene ankaimirira, maso anali pa kope langa.

Kenako anaimirira Banda. Anatsokomola, anayamba kuwerenga. Mzere woyamba womwe ndinamva mawu akuti belu. Pepala langa linagwera kwa iye.

Ndinakonzeka kunyozedwa. Koma nkhani yake inali yaifupi. A Kamphonje anabwezeredwa belu, mudzi wonse unavomereza kuti palibe amene amaliimba ngati iwo, ndipo mlamu sanatchulidwe paliponse, monga ndinapemphera. Atamaliza anawerama, anatulutsa pansi pa benchi chitsulo choimbira belu, chokulungidwa m'thumba la feteleza.

"Alamu," anatero, "phewa langa latha. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti mupemphe."

"Ine ndinkadikira kuti mundipemphe."

"Ndiye ndikukupemphani."

Mwambo umati ndikane kaye. Sindinakane. Abusa aja anali pomwepo, ndipo ndinali nditaphunzira. Ndinachilanda chitsulocho asanamalize kutambasula dzanja.

"Tsopano a Phiri," anatero Madamu.

Apa munthu wanzeru akanapinda kope lake n'kunena kuti mbuzi yadya. Ndinaganizako. Koma ndinakumbukira milungu itatu ndi mapensulo awiri. Ndinaganizanso kuti Banda wachita dala, akufuna kundifewetsa kuti a Kamphonje apepese. Ndinati ayi, msampha umenewu ndauona.

Ndinaimirira, ndinawerenga pepala la pempho monga mwa lamulo, kenako nkhani yanga. Maso anga anali pa Banda. Nditafika pa miyendo ya mateya anthu anaseka. Banda anayang'ana miyendo yake, anasekanso. Nditatchula belu kachisanu anthu anayamba kuwerengera mokweza. Pofika kakhumi ndi kawiri abusa anali atabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkangoti, lero Banda wapsa.

Ndinafika pa mkazi wa a Kamphonje. Pamenepo ndinachepetsa liwiro, ndinasintha mawu kuti amveke achizimayi. "Sanandilakwirepo ngakhale tsiku limodzi." Kumbuyo kwa amayi kunamveka wina akutsamwa. "Mtima wanga umakoma ngati ndikumva koyamba." Ndinatseka kope.

Madamu anapukuta m'maso.

"Mwini wake wa pepala aimirire, adzalandire mphatso yake."

Ndinatambasulira kope kwa Banda. Banda anali akuyang'ana zikhadabo zake.

"Alamu, musachite manyazi," ndinatero. "Mwapempha nokha."

"Ine ndinapempha ya namwino ndi minibasi ija," anatero. "Ndalandira kale."

Kumbuyo benchi inalira. Ndinamva mapazi amene ndimawadziwa ngakhale nditatsinzina. Nabanda anadutsa pakati pa madesiki, atavala chitenje chawo chatsopano, osafulumira. Anafika pamaso panga, anapinda maondo mwaulemu, analandira kope lija ndi manja awiri.

"Zikomo, atate ake Misozi," anatero. "Chimene ndinapempha mulibe. Chimene ndinakana chadzaza. Koma mwalemba bwino, zilembo zikuoneka."

Anatsegula kope lija patsamba lomaliza, n'kupitiriza.

"Ndingofunsa chimodzi. Mayi wa m'nkhaniyu amakhala kuti? Ndikufuna ndikamuone. Ndikuganiza kuti ndi wogontha."

Kuseka kumene kunatsatira sindikufotokoza. Mai Daka anachita kutuluka panja. A m'mawindo ankafotokozera a kumbuyo kwawo, a kumbuyowo n'kuseka mochedwa, moti phokoso linkabwera kawiri. Ine ndinaima ndi chitsulo cha belu m'manja, ndikuwerengera m'mutu: milungu itatu ndikuwerengera munthu nkhani yake yomwe, ndikumutchula wopanda mutu, iye akupalira munda yekha.

Nabanda sanabwerere kukakhala. Anaima pomwepo, kope lili pachifuwa, akundiyang'ana. Anthu anasiya kuseka mmodzimmodzi. Ndinazindikira kuti mphatso sinaperekedwebe, ndipo njira ya kunyumba ndi imodzi.

Apa ndi pamene fumbi lija linalowa m'diso.

"Amake Misozi," ndinatero, mawu akutuluka ngati chitseko cha nkhokwe, "pepani."

"Ayi," anatero.

Ndinayang'ana Madamu. Madamu anayang'ana kudenga.

"Pepani, Nabanda."

"Ayi."

Zaka makumi anayi ndi zinayi ndili m'mudzi wa eni, ndipo ndinayamba kuganiza kuti kwathu kwenikweni njira yake ndikuikumbukirabe kapena ayi. Ndinaika chitsulo pansi. Ndinagwira chipewa ndi manja awiri.

"Ndalakwa. Za munda, za belu, za wopanda mutu zija. Pepani."

"Chabwino, ndamva," anatero. Kenako anatembenukira kwa abusa. "Mwaona, abusa? Munthu woleredwa bwino amavomera kachitatu."

Belu ndikuimbanso, ndipo likumveka mpaka kumsewu waukulu. Kunyumba sindilitchula. Ndikangoti "be", Nabanda amatambasula dzanja kulunjika pashelefu pamene pali kope lija, ine n'kunena kuti ndimafuna kufunsa za beseni.

Ukamasaka munthu amene watopa nawe, usayambire kwa alamu. Yambira pakhonde pako.