Mphunzitsi Amene Anaphunzitsa Kompyuta Bodza

Pa koleji yonse panalibe wosadziwa kuti a M'njira ndiwo anaphunzitsa kompyuta kunama. Anzawo ankalimbana ndi kuwongola ana a eni, iwo ali kalikiliki kupotoza makina.

Phunziro lawo linali la kayendetsedwe ka katundu, kuchokera kufakitale mpaka kusitolo. Koleji inagula mapulogalamu anzeru oyankha ngati anthu: wina wogulitsa, wina wosunga katundu, wina dalaivala wa lole. Ophunzira akaitanitsa simenti yongoyerekezera, inkafika pa nthawi yake, thumba lililonse lili bwinobwino. Akuluakulu anaombera m'manja.

Mayi woyang'anira chipinda cha makompyuta anapeza aphunzitsiwo atagwira tsaya.

"Kwagwanji, aphunzitsi?"

"Dalaivala uyu ndi mngelo, mayi. Munamuonapo kuti dalaivala wosaphulikidwa tayala? Anawa akadzayamba ntchito adzalira."

Anakhala naye pansi dalaivala wa m'kompyutayo mpaka anapsa. Wophunzira akafunsa za katundu, yankho linali lakuti, "Ali m'njira, bwana." Mawa lake, "Ndili pafupi, denga lanu ndikuliona." Mkuja, zii. Dzina lawo lija linachokera pamenepo. Ophunzira ankang'ung'udza, koma anaphunzira kufunsa kawiri ndi kukhala ndi lole ina yodalira.

Mkulu wa dipatimenti, munthu wa kolala yosadziwa thukuta, anafufuma.

"Tinagula nzeru, inu mwazisandutsa tambwali."

"Ndangomuzoloweza ntchito, bwana."

A M'njira atamwalira, tsiku la maliro awo galimoto yodzanyamula bokosi sinaoneke. Dalaivala wake, wamagazi weniweni, analumbira pafoni kuti ali pafupi. Palibe anatekeseka, poti ophunzira a malemuwo anali ataimika kale ina kuseri.

Nkhata zisanafote, mkulu uja analamula mayiyo kuti afufute dalaivala wabodzayo. Mayiyo anakhala pampando mtima ukuwawa. Chipindacho chinali chitazizira, wokalipira makompyuta kulibe, ndipo chotsala choyankhula ngati a M'njira chinali dalaivala yemweyu. Asanadine batani, analemba kuti, "Aphunzitsi ali kuti?"

"Ali m'njira, mayi. Musachoke."

Anaseka yekha, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuchotsa chala pabatani.

Mpaka lero mkuluyo akasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati ntchito ija yatheka, mayiyo amayankha mwaulemu wonse, maso ali pakompyuta.

"Ili m'njira, bwana."