Mankhwala a Saverio Othamangitsira Nguluwe

Inu, tamverani za mlamu wanga Saverio. Koma musamuseke kwambiri, chifukwa chala changa chilimonso.

Chaka chimenecho nguluwe zinatizolowera ngati zili ndi chibale m'mudzi muno. Munda wa mbatatesi wa Saverio, kumtunda kuja, ndiwo unali chakudya cha banja lake nyengo yonse ya chisanu, ndipo nguluwezo zinali zitayamba kale kufukula mizere ya m'mphepete. Waya wamagetsi? Saverio sagula chinthu choti angathe kupanga yekha. Mlangizi anali atamuuza kuti nguluwe imadana ndi adyo ndi tsabola: kuwiritsa m'madzi, kupopera m'munda, basi.

"Tsabola? Kuno ku Calabria, kwawo kwa tsabola?" anatero Saverio akudziguguda pachifuwa. "Ndiye ziona!"

Anakwera pakhonde n'kutsitsa tsabola yense wofiira amene mkazi wake Immacolata anayanika pazingwe.

"Bambo a Nunzia, mwapenga? Nanga ife tidyera chiyani?"

"Mayi, iyi ndi nkhondo. Tapatukani."

Anatereka pabwalo chimphika chija amaphikira tomato wa chaka chonse. Mpaka apa zinali bwino. Koma inu, munthu wa kwathu kuno angaime pafupi ndi mphika wowira osalawa? Anapisa supuni, kulawa, nkhope n'kukwinya.

"Mulibe mchere."

Apa m'pamene ndinatulukira ine. M'malo momukumbutsa amene akuwaphikira, ndinalawa nanenso.

"Alamu, kukula konseku adyo mumawiritsa m'madzi? Anthu akamva mudzayenda bwanji pamsewu? Kazingani kaye m'mafuta a azitona!"

Tinakazinga. Gaetano wa nyumba yoyandikana ananunkhiza ali kwake, nabwera ndi tomato. Wina anathiramo vinyo pang'ono. Pofika masana amuna akuluakulu tinali titazungulira mphika, aliyense buledi m'manja, tikusunsa, thukuta lili kamukamu.

"Zitsiru za amuna!" anakuwa Immacolata pawindo. Tinazizidwa. "Chepetsani motowo, mupsereza!"

Mankhwala aja analimba, pampu yopopera inakana. Saverio sanagonje. Anayenda mzere ndi mzere ndi chipande, kuthira phando lililonse mwaulemu ngati akupakulira alendo.

Alendowo anabweradi, ndi ana omwe. M'mawa munda unali ngati mwadutsa thirakitala ya munthu woledzera. Mbatatesi ngakhale imodzi! Ndi miyala yomwe inali yonyambitidwa, mbee! Saverio anakhala pansi, chipewa pabondo. Kunena zoona ndinamumvera chisoni, moti ndinasowa poyang'ana.

"Mwina vinyo uja anachuluka," ndinatero chapansipansi.

"Alamu, chokani apa."

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, Gaetano anafika kwa Saverio ndi amuna onse olima kumtunda, wina atasenza dengu la adyo, wina chigubu cha mafuta.

"Achimwene, mankhwala anu aja ndi amphamvu," anatero Gaetano atavula chipewa. "Chithirireni, m'minda mwathu simunapondenso nguluwe. Zonse zikumagona mwanu kudikirira. Tagwirizana kuti aliyense akupatsani thumba la mbatatesi pokolola. Inu muzingophika."

Ndinati lero wina amenyedwa. Saverio anawayang'ana mmodzimmodzi, nkhope ili gwaa. Kenako anasuzumira m'dengu muja, natola adyo mmodzi n'kumununkhiza.

"Adyo wake ameneyu?" anatero. "Mukufuna mundichititse manyazi kwa alendo anga?"