Chipale Chomaliza cha Malichi

Lolemba

Agogo Joan, azungu amene ndimawasamalira, andionetsa pafoni: Lachisanu kumapiri kugwa chipale chofewa chatsopano, chomaliza chaka chino. Akuti chikangogwa kumene chimakhala ngati ufa wosefa, ukamatsetsereka ndi timatabwa tomanga kumapazi tija sumva phokoso, umangoyandama. Akunena atatsinzina. Ine zaka zitatu ku Amereka kuno, mu Hyattsville muno, chipale chimene ndimachidziwa ndi chakuda chija cha pokwerera basi, chonyowetsa masokosi.

Loweruka ndikupita basi. Shifiti ndasinthana kale.

Zofunika:
- buluku lochindikala (Agogo andibwereka la pautsikana wawo, lofiira psuu)
- magolovesi
- galimoto ndi woyendetsa wake
- Chisomo asadziwe

Chisomo ameneyo tinabwera ndege imodzi, tinalonjezana kuti koyamba tidzatsetsereka limodzi. Chaka chatha anapita ndi anzake a ku Lusaka, ine ndinangoona zithunzi. Miyezi khumi ndi umodzi sindinamulankhule. Ndikuwerenga.

Lachiwiri

Ndadziputira ndekha. Ndapempha Anti Nabanda a kutchalitchi kuti amuna awo andiperekeze pa vani yawo. Akuti, "Mwana wamkazi kukwera phiri yekha? Ife tafa?" Pofika madzulo nkhani ili pagulu la amayi. Anthu khumi ndi anayi. Ena sakudziwa n'komwe za chipale, angomva kuti kuli ulendo.

Lachitatu

Komiti yakhazikitsidwa. Ine mwini ulendo mulibe.

Zimene agwirizana:
- mpunga, mandasi, nkhuku zisanu ndi imodzi
- kunyamuka naini koloko, osati faifi, kuti nkhuku zikazingidwe m'mawa womwewo
- pemphero ponyamuka, pemphero pofika
- amayi tonse chitenje pamwamba pa buluku, poti abusa abwera nawo

Kutsetsereka ndi chitenje! Ndayesera m'chipinda, miyendo ikukana kutalikirana. Agogo Joan aseka mpaka kutsokomola, kenako akuti, "Mukakafika masana mukapeza anthu atachiponda chonse." Ndikudziwa, Agogo. Imwani mankhwala.

Lachinayi

Vani yadzaza. Komiti yapeza galimoto yachiwiri, ya Chisomo. Andiika momwemo, mpando wakutsogolo. Anti nkhani yathu akuidziwa yonse, achita dala.

Uthenga wake wafika: "Ndili ndi magolovesi apadera, usagule." Pepani mulibe. Ndawerenga kasanu, sindinayankhe.

Maola atatu m'galimoto imodzi. Ndikangoyang'ana pawindo. Vuto ndi loti akaika nyimbo zija tinkaimba kusekondale pochapa, ndipo pakamwa panga sipamvera.

Lachisanu

Amalume ake a Chisomo, amene anamulera, amwalira ku Ntcheu.

Palibe amene wanena kuti ulendo walephereka. Nkhuku zangotembenuka, zikupita ku Fairfax kunyumba kwa Chisomo. Vani chimodzimodzi.

Ndafufuza njira ina yofikira kuphiri ndekha. Ilipo. Ndaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndatseka foni. Mnzako ali pamaliro, iwe uli pa timatabwa? Angandinene mpaka ku Ntcheu komweko. Ndipo zakunenedwazo sindikuziopa kwenikweni. Amalume amenewo ankatibweretsera chinangwa tonse awiri pa tsiku loona ana kusukulu.

Kumapiri akuti chayamba kugwa.

Loweruka

Mipando akankhira kukhoma, amayi takhala pansi, abambo ali m'khitchini. Kuno ndi eyiti koloko m'mawa, kumudzi ndi masana, akuika maliro. Chisomo sangapite, mapepala ake okhalira kuno sanatuluke. Akuonera pafoni, msuweni wake akujambula kumanda. Bokosi likuyamba kutsika, netiweki yaima.

Chisomo wandiona. Wasuntha, wandisiyira malo, waika mutu pamiyendo panga osapempha. Mawu onse amene ndakhala ndikunola miyezi yonseyi ali pakhosi pomwepa. Ndangomusisita tsitsi.

Kenako ndalowa kubafa, ndatsegula pafoni kamera yoonetsa kuphiri. Kwayera mbee, mitengo yonse yawerama. Munthu mmodzi akutsika yekhayekha, ufa ukufuka kumbuyo kwake. Ndaonera mpaka Anti agogoda: "Mwatsekula m'mimba mmenemo?"

Lamulungu

Mvula. Kwafunda. Akuti phiri alitseka mpaka Disembala.

Ndikadali ku Fairfax. Chisomo, maso otupa, akuti, "Chaka chatha chija sindinatsetsereke, mwali. Ndinaopa. Ndinangoima pa timatabwa ta mwini kuti andijambule."

Ndiye anandisiya kuti akangoima? Zimenezi zandipsetsa mtima kuposa kale, ndipo ndamuuza. Waseka pang'ono, koyamba chiyambire maliro.

Sindinamukhululukire. Mwina Disembala, tikaone nyengo. Pakadali pano mapoto a komiti adzaza m'sinki, komiti yapita kutchalitchi. Iye akutsuka, ine ndikupukuta.