Mpendero Umene Unatsala Pang'ono Kutengetsa Ababa

Zione ndi Mwandida, anzanga inu, tilipo! Tonse tilipo, Ababa alipo, Amayi alipo, ndipo ine Asiyatu ndalephera mayeso a zosoka, Mayi Gondwe andilembera ziro wonenepa ngati dzira la bakha, koma chibadwire sindinasangalalepo chonchi! Mukamaliza kuwerenga pepalali muliponye pamoto, musaope, ndaliyang'ana mbali zonse ziwiri, mulibe nkhope ya munthu. Mumva chifukwa chake.

Chisamukireni inu ku Chinguluwe, Mayi Gondwe, aphunzitsi athu a zosoka aja, analengeza kuti mtsikana aliyense wa Sitandade 8 asoke diresi pamanja, adzalivale masana a tsiku la mayeso, ndipo lokongola koposa likaonetsedwa kuboma ku Salima. Mukundidziwa ine, ndinadziona kale ndili pamwamba pa lole ndikubayibitsa anthu. Amayi anandigulira nsalu yoyera yotchipa ija, ndipo Mayi Gondwe ananena momveka bwino kuti, "Muyambe mwaichapa musanaidule, nsalu imeneyi ikalawa madzi imafupika." Ine kumva? Ndichape, ndiyanike, ndidikire, anzanga akusoka? Ndinadula tsiku lomwelo.

Ndipo linatuluka diresi, anthu inu! Manja otukumuka, kalamba kumbuyo, kutalika kwake kupitirira mawondo ndi chikhatho chathunthu monga lamulo lifunira. Vuto linali limodzi, kalasi yonse inagula nsalu yomweyo, ndiye tikanangoima pamzere mbuu ngati akakowa m'dambo. Adzandiona bwanji ine pakati pa akakowa?

Mukukumbuka mgolo uja Ababa amaphikiramo makungwa onyikamo khoka, kuti ulusi usaole komanso nsomba zisauone? Madzi ake amatuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Dzulo lake la mayeso mgolo unali pamoto ukubwata, Ababa apita kumzikiti, ine ndinaponyamo diresi langa, kutakasa ndi nkhafi, kuvuula. Eee, mtundu wake! Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba. Ndinaliyanika, kukacha n'kuliyesa, ndipo ndinamva kamphepo pamalo pamene sipayenera kufika mphepo. Kuyang'ana pansi, mawondo onse awiri ali pamtunda, akuda, otuwa, akusuzumira dziko ngati mitu ya milamba.

Munthu wanzeru akanavala yunifomu n'kukapepesa kwa aphunzitsi. Koma kodi munamvapo kuti Asiyatu ndi wanzeru? Ndinati ndingolumikiza kansalu kena m'munsi, kakhale mpendero waukulu ngati mmene amasokera akutauni. Nsalu ndiitenga kuti? Ndinatsegula thiranki ya Amayi, ndipo pansi penipeni panali chitenje chakale cha chipani, chija chili ndi nkhope ya Mwini Dziko. Amayi ali ndi chatsopano chovinira, koma chakalecho, ngakhale chinasuluka, mungachitaye kudzala? Mungachiotche? Mungapukutire mbale? Chimangogona m'thiranki ngati mlendo wakuchimuna amene palibe angamuuze kuti bwererani kwanu. Ine ndinati sindikhudza nkhope ayi, ndingodula m'mphepete mokha muli timizere, timizere si munthu. Amayi anali kusesa pakhomo pomwepo, ndiye sindinachitambasule, ndinachidula chili chopindapinda, sizasi kwee, kwee, msangamsanga.

Ndinatambasula chidutswa changa. Panali chipumi, maso awiri, ndi theka la mphuno. Ndinali nditamudula Mwini Dziko pakati pa nkhope.

Inu simunaiwale za Che Bwanali, oyandikana nafe aja, amene anakulungira kasitomala usipa m'nyuzipepala osaona chithunzi cha Mwini Dziko chimene chinali kuseri kwake. Inabwera galimoto, anakwera atavala malaya amodzi, ndipo mpaka lero bwato lawo likuolera pamchenga, palibe amalikhudza, ngakhale kutchula dzina lawo mokweza. Nyuzipepala chabe! Nanga ine wa sizasi?

Apa ndiye panafunika kulira n'kuitana Amayi. Koma Shetani amene anandigwira tsiku limenelo sanali wamng'ono. Anandinong'oneza kuti chodulidwa chadulidwa, ndipo makungwa a Ababa amabisa khoka lathunthu kwa nsomba, angalephere kubisa maso awiri? Ndinasoka mothamanga, maso aja ndinawaika kumbuyo, ngati kuti chimene sindikuchiona ine ndiye kuti dziko lonse silichiona. Ndinanyika mpendero m'madzi otsala mumgolo, unatuluka bii, osaoneka kanthu. Ndinadziyamikira kuti mutu uwu ndi wa kusekondale basi. Ndinavala chonyowa chomwecho, ulendo.

Dzuwa la kuno mukulidziwa, limaumitsa usipa munthu asanamalize kuyala. Ndisanafike n'komwe pamathandala a nsomba mpendero unali utauma, ndipo ukauma mtundu umapepuka, inki ya kufakitale n'kubwerera pamalo pake. Ine osadziwa kanthu. Ndinangoona kuti ndikadutsa, amayi oyanika nsomba akusiya kuyankhula. Ndinati ahaa, nsanje yayamba. Mayi wina anakoka mwana wake n'kulowa naye m'nyumba, chitseko gwa. Ndinati mtundu wawapweteka m'maso. Agogo ena amene ankabwera pambuyo panga panjinga anatsika n'kuvula chipewa, ine n'kutembenuka, kupinda bondo, "Zikomo agogo," ndikuganiza kuti ulemuwo ndi wanga! Ndinawonjezera kudzigwedeza poyenda, kuti mpendero uzivina bwino. Kumbuyoku Mwini Dziko ali chadodolido, akuyang'ana anthu ake kuchokera kuseri kwa mawondo anga, akuvina nawo.

Njira ya kusukulu imadutsa pachipata cha msika, pamene pamakhala anyamata a malaya ofiira ofunsa makhadi a chipani ndi kuyeza madiresi. Wamkulu wawo tsopano ndi Jafali, yemwe uja anathawa sukulu Sitandade 4 n'kumakoka khoka la Ababa kuti apatsidwe kambale ka usipa. Lero ndi Atcheya, ndipo ali ndi jombo, munthu yekhayo wa jombo msika wonse.

"Iwe Asiyatu, ima. Diresi ili latalika ndi chigamba. Ukufuna kutipusitsa?"

"Ayi Atcheya, ndi fashoni."

"Fashoni? Gwada tione."

Muyeso wawo ndi womwe uja, ukagwada mpendero ugunde pansi. Ndipo malo amene anandilozera ndi pamene amayi amatayira madzi otsukira nsomba, matope okhaokha, mamba ndi matumbo. Ndinagwada monyada ndithu, podziwa kuti likwana. Jafali anandizungulira pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, maso ali kwa atsikana ogulitsa mandasi kuti amuone, ndipo atafika kumbuyo kwanga anaponda mpendero ndi jombo, kuukanikizira m'matope, kupotokola chidendene.

"Lafika," anatero, "koma mwamwayi."

Anachotsa phazi. Ndiye kunagwa bata limene sindinalimvepo, ngakhale pamaliro pamakhala wotsokomola. Ndinapotoloza khosi, ndipo ndinawaona, maso awiri aja, owala bwino lomwe, akuyang'ana Jafali kuchokera m'matope.

"Kaitaneni bambo ake!" Mawu ake anatuluka opyapyala ngati a mwanapiye. "Iwe usadzuke! Khala pomwepo!"

Apa, anzanga, palibe choseketsa, ndingokuuzani mmene zinalili. Ababa anabwera kuchokera kunyanja, osathamanga. Anali atamva kale. Anali atadzera kunyumba n'kuvala jekete, kutentha konse kuja, ndipo pambuyo pawo Amayi atanyamula bulangeti lokulunga ndi kamtolo ka usipa wouma. Anthu kuno anaphunzira kwa Che Bwanali kuti munthu asamakwere galimoto ija ndi malaya amodzi. Ababa sanandiyang'ane n'komwe. Anaima pamaso pa mnyamata amene ankamudyetsa, n'kupinda manja.

"Atcheya, uyu ndi mwana. Nsaluyo yatuluka m'nyumba mwanga, sizasi ndi wa m'nyumba mwanga. Mulembe dzina langa."

Ine ndili chogwada m'matumbo a nsomba, mamina ndi misozi zasakanikirana, ndikufuna kufuula kuti ndine, ndine ndekha. Ndinkangoyang'ana mapazi a Ababa, ong'alukang'aluka, mchenga uli m'zala, n'kumaganiza kuti mapazi awa akupita chifukwa ine sindinafune kufanana ndi kakowa.

Ndiye anayankhula Abiti Saidi, agogo ogulitsa zitumbuwa pachipata aja, amene amayankhula mokuwa chifukwa amati samva bwino, ngakhale khobidi likagwa kutsidya kwa msika amatembenuka.

"Pepani Atcheya, ndifunse nawo, kuti akuluakulu akadzabwera ndisadzaname. Maso angawa ndi okalamba. Icho chadindidwa pachipumi pa Bwanayo, si chidendene cha nsapato? Nanga n'cha ndani? Chifukwa bambo a mwanayu, Che Amidu awa, ndikuwaona ali chosavala nsapato, ndipo mwanayu sangadziponde kumbuyo yekha."

Msika wonse unayang'ana pansi, aliyense pa mapazi a mnzake. Mapazi, mapazi, patapata, mapazi, mpaka maso onse anakathera pa jombo ziwiri. Ndipo chidindo chinalipodi, chooneka bwino, timizere tonse ta kuphazi kwa jombo, pakati penipeni pa chipumi.

Anzake a Jafali anayamba kusuntha. Sanathawe ayi, ankangosendera cham'mbali pang'onopang'ono ngati bwato lomasuka chingwe, mpaka Atcheya anatsala okha. Thukuta linali kamukamu. Kenaka munthu uja anagwada, ee, anagwada m'matope momwemo kumbuyo kwanga, n'kuyamba kupukuta chipumi ndi malaya ake ofiira, koma akapukuta matope amangofalikira, mpaka analowa m'diso limodzi.

"Mukuwatosa m'maso tsopano," anatero Abiti Saidi.

"Mpeni! Ndani ali ndi mpeni?"

Anamupatsa wotumbulira nsomba. Kudula nsaluyo sakanayerekeza, ndiye anayamba kusomola ulusi wanga umodziumodzi, akupumira m'miyendo mwanga ngati ng'ombe.

"Iwe, unasoka molimba chonchi chifukwa chiyani?"

"Ndi za mayeso, Atcheya."

Zoona, msoko umenewo ndi wabwino koposa yonse imene ndinasokapo, ndipo amene anauyamikira ndi Jafali yekha.

Atamaliza anaimirira ndi chidutswa chija m'manja, n'kuyang'ana uku ndi uku. Achitaye? Achipatse ndani? Aliyense manja anali kumbuyo. Anachipinda mwaulemu n'kuchilowetsa m'malaya, pamimba.

"Pano sipanachitike kanthu," anatero. "Alipo waona kanthu?"

"Ine ndanena kale za maso anga," anayankha Abiti Saidi.

"Dzuka iwe, zipita."

Ndinadzuka. Ndiye mukumbuke chimene mpendero uja unkabisa. Ndinaima pakati pa msika, pamaso pa oyeza madiresi, mawondo ali pamtunda, amatope, mamba a nsomba akunyezimira, diresi lalifupi koposa limene Salima analionapo. Jafali anayang'ana mawondo, anagwira pamimba pake, n'kukweza maso kumwamba ngati akufuna mvula.

"Diresi ili," anatero, "ndi lalitali."

"Lalitali kwambiri," unavomera msika.

Amayi anandifunditsa bulangeti lija, ndipo ndinabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, nditafunda bulangeti la kundende, thukuta likutsikira m'zidendene, mayeso akuchitika popanda ine. Akazi a Che Bwanali anali ataima pakhomo pawo. Anatiyang'ana tonse atatu, n'kunena motsitsa kuti, "Bola kwanu bulangeti labwerako."

Masiku otsatira sitinkadya bwino. Galimoto ikalira kumsewu, Amayi ankasiya chimene agwira. Ababa sanapite kunyanja, ankangokhala pakhonde jekete lili m'thupi, osandikalipira, osandimenya, osandiyankhula, ndipo ndikanakonda akanandithyolera nkhafi pamsana. Theka lotsala la chitenje, la pakamwa ndi chibwano, Amayi analibwezera pansi pa thiranki n'kugula loko.

Koma lero m'mawa, anzanga, lero! Ababa avula jekete, alikoloweka pamsomali, atenga nkhafi, ndipo podutsa pamene ndinali kutsuka mbale aima n'kunena kuti, "Mgolo uja ndi wa khoka." Basi, mawu okhawo, n'kumapita kunyanja. Alihamudulilahi! Ndinalira, ndinaseka, ndinaswa mbale, ndipo Amayi sanakalipe n'komwe, ndiye ndathamangira pepalali.

Jafali akandiona amawolokera tsidya lina la msewu, ndipo akuti masiku ano akuyeza madiresi ataima patali, manja ali m'thumba. Kumene anakachisiya chidutswa chija sindikudziwa, mwina akadali nacho pamimba. Diresi lija akuvala mng'ono wanga Patuma, likumufika m'mapazi, ndipo amphaka onse a m'mudzi akumulondola.

Ine ndalumbira pamaso pa Amayi. Za mitundu ndasiya, ndidzakhala kakowa mpaka kumanda. Nsalu ndiziyamba ndaichapa. Ndipo ndisanaigwiritse sizasi, ngakhale ikhale sanza yopukutira mapazi, ndiziitambasula yonse padzuwa, ndiodire kaye, ndione ngati muli munthu.