Mapiritsi pamzere

Ndinatsitsimuka ndili chagada m'chipinda chodikirira, miyendo atandikwezera pampando, thalauza litanyowa. Kunali kuchipatala cha ku Crawley, kumene madokotala ofufuza amatiyeza ife a mtima wotopa. Ndinapitira kalata yondilola kubwerera kuntchito ku depoti ya malole a katundu ku Kewdale. Miyezi inayi ndili pakhomo.

Zinayamba ndi funso langa. Sabata ya m'mbuyo mwake ndinafunsa dokotala chifukwa chake mankhwala sakugwira msanga. Anajambula papepala. Akuti mumnofu wa mtima muli tinthu tonyamula mankhwala, tina tolowetsa, tina totulutsa. Mtima ukatopa tinthuti timasintha kagwiridwe, ndiye mankhwala ena mwina salowa monga kale. Akuti akufufuzabe.

Ine ndinamva. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma pa depoti ndakhalapo zaka khumi ndi ziwiri. Tinthu tija ndi geti chabe, ndipo geti likamachedwa sudandaula. Umatumiza malole onse m'mamawa akaime pamzere.

Tsiku la kalatalo ndinamwa mapiritsi a m'mawa, a masana ndi a madzulo pakamodzi. Ndinawonjezera a mawa lake (kuti mzere usaduke). Mwa iwo munali aja ochotsa madzi m'thupi. Kenako ndinanyamuka pa basi kwathu ku Girrawheen.

Pofika mumsewu wa Stirling Highway ndinali nditapinda miyendo ngati mkwatibwi. M'basimo ndinatsika kawiri kukafuna chimbudzi. Kachitatu sindinatsike. Polowa m'chipatala nyali zinayamba kuzungulira.

Potsitsimuka paja, amene anandiweramira anali a Nachisale, namwino wa kutchalitchi kwathu (tsoka silinunkha).

"Bambo, mwamwa angati?"

"Okwanira."

"Ndati angati?"

Ndinawaonetsa kabokosi kanga ka mapiritsi. Anawerenga timabowo topanda kanthu.

"Mayo ine! Mumafuna kufa?"

"Ndimafuna aime pamzere."

"Mzere wanji? Mtima si Kewdale, bambo!"

Ndinagona tsiku lonse ndi diripi pamkono. Dokotala anabwera n'kufotokozanso, ulendo uno osajambula. Akuti ndikanapita. Kalata anati tidzaiona pakatha miyezi ina iwiri, ndipo kabokosi azisunga mkazi wanga. Ndinavomera ndi mutu. (Mpaka lero ndimati nzeru inali yabwino, lovuta linali geti.)

Potuluka ndinapeza mkazi wanga ataima pakhomo, makiyi a galimoto m'manja. A Nachisale anali atamuimbira kale.

"Adokotala, mwaweruka?" anatero. "Mawa muli ndi odwala angati?"

Ndinamupatsa kabokosi. Ndinapitirira wa kugalimoto.