Ndinayendera Perete Nditavala Jekete la Bwanamkubwa

Amene akuti ndikunama atuluke akandidikire panja, chifukwa ine sindinasitire zovala munthu wamba. Ndinali dobi wa Mngerezi kuyambira ali bwana disi ku Ntcheu, akuyenda pa machila kukaweruza milandu ya malire a minda, mpaka anamukweza kukhala Bwanamkubwa ku Zomba, wovala chipewa cha nthenga zazitali moti akamadutsa pansi pa mawaya a lamya ine ndinkayamba ndakwera mumtengo kukawakweza. Pobwerera kwawo anandisiyira jekete lake loyera ndi chipewacho, nati kwawo n'kozizira, nthengazo zikafota. Ndinabwera nazo kwathu ku Ntengo-Wambalame, kutsidya kwa malire, n'kuzibisa pansi pa nkhokwe.

Ndiye kwathuko kunabwera nkhondo yapachiweniweni ija. Tsiku lina m'mawa ndili kudimba la kachewere, anyamata a mfuti a m'tchire analowa m'mudzi n'kutenga anthu kuti akawasenzere katundu kulowera ku Furancungo. Mkazi wanga, a Nangozo, anali m'gulumo, ndi mwendo wawo wotupa. Tonse tinkadziwa zimene ankamuchita munthu wotsalira m'mbuyo pa ulendo wotero. Ndinachita mantha, abale.

Ndinatulutsa jekete, kuliviika m'phala la chinangwa, kulisita ndi simbi ya makala kasanu ndi kawiri mpaka linaima lokha pabwalo n'kuyamba kuyenda ine ndisanalowemo, moti ndinachita kulithamangira n'kulivala lili pa liwiro, ndipo mapiri atatu tinawadumpha osakhudza pansi. Mukumva? Tinawapeza akupuma pa dambo, asanafike ku Chidzolomondo. Anandiwombera onse pamodzi, zipolopolo n'kumagunda jekete n'kumathothoka ngati chimanga chokazinga, koma m'katimo ine ndinkanjenjemera, thukuta kudzaza nsapato mpaka kusefukira, achule n'kumanditsatira.

Bwana uja ndinamuonerera zaka zambiri akuyendera perete ya asilikali. Sankafulumira, sankayankha munthu, ndipo akatembenuka kuti azipita sankacheuka. Ankati wocheuka ndiye kuti akukayika ngati amumvera, ndipo asilikali kukayika amakununkhiza.

Ndinayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwawo, manja kumbuyo, kusuzumira m'mipope ya mfuti, kupukusa mutu pa batani lililonse losowa, mpaka anyamata aja anandanda okha pamzere mimba atazibweza.

"Bom dia, shefi," anatero komandanti wawo, dzanja lili pachipumi. "Mwachokera kuti?"

Ndinangoyang'anitsitsa chingwe cha nsapato yake chomasuka mpaka chinadzimanga chokha. Kenaka ndinaloza anthu ogwidwawo ndi chibwano, n'kuloza njira yothawira ku malire.

"Pronto, azipita," anatero iye.

A Nangozo anali atakhala kumapeto, mwendo atauwongola, thumba la ufa lili pambali. Ndinawadutsa pafupi ngati pano ndi apo, maso ali kutsogolo, poopa kuti akandizindikira afuula dzina langa, anyamata aja n'kudziwa kuti Bwanamkubwa wawo ndi dobi wa m'mudzi womwewo. Ndinatembenuka, ulendo.

Kumbuyo kwanga ndinkamva mapazi ambiri. Ndinatchera khutu kufuna kumva phazi limodzi lokwakwaza, nthawi zina ndinkalimva, nthawi zina ayi. Khosi linkandiyabwa kuti nditembenuke kamodzi kokha, koma ndinkaona m'maganizo mfuti zonse zija zikudikira kuti ndicheuke. Ndinayenda choncho tsiku lonse, dzuwa likuopa kulowa ndisanalilole, mpaka tinafika pa malire.

Apo m'pamene ndinacheuka. Onse analipo: aphunzitsi a pasukulu yathu, amayi ndi ana kumsana, ngakhale mbuzi ziwiri. A Nangozo panalibe.

"Analephera kudzuka, madala," anatero aphunzitsi aja. "Tinafuna kuwanyamula, koma tinaona mwawadutsa osawayang'ana, ndiye tinati kapena ndi lamulo lanu kuti atsale."

Ndinabwerera ndikuthamanga, ndipo ulendo umenewo mapiri sanadumphike. Pa dambo paja ndinangopeza udzu wogona pamene anakhala.

Sekani za zipolopolozo ngati mukufuna, koma anthu a m'mudzi mwathu akuchitirani umboni kuti tsiku limenelo ndinali Bwanamkubwa weniweni, wosacheuka. Ndikanapita ngati dobi, mkazi wanga ndikanamubereka kumsana.